Kambuku Awomba M'manja pa Thanthwe

Chaka china udzu wa pamwamba pa phiri unatha, ndipo mkaka wa Mbira unayamba kuuma. Anali ndi kamwana kamodzi kokha. M'mawa wina anakalowetsa mumng'alu wa mwala n'kukauza kuti, "Ndikupita kumunsi kukafuna chakudya. Usatuluke, usalire, usaitane munthu."

Kumunsiko anadya mothamanga, koma pobwerera kunja kunasintha. Chiperoni chinafika ndi mvula yowaza, mphepo yolasa m'mafupa, ndi chifunga chobisa ngakhale phazi lako lomwe.

Atangoyamba kukwera, chinthu cholemera chinamuponda mchira. Masiku amenewo Mbira anali ndi mchira wautali, ndipo ankaunyadira. Atacheuka anaona mawanga. Anali Kambuku.

"Moni amalume," anatero Mbira, mano akugundana. "Kwazizira lero."

"M'mimba mwanga ndi mofunda," anayankha Kambuku. Anamununkhiza, kenako anamwetulira. "Ukununkha mkaka iwe. Tsogola, ukandionetse mwanayo. Ndidyere kumodzi."

Mbira anatsogola. Kutsogolo njira inagawikana. Ina inali yofewa, yodutsa m'udzu, yokafika pakhomo pake penipeni. Ina inali ya pathanthwe lotsetsereka, pomwe madzi ankayenderera ngati mafuta, ndipo kumunsi kwake mtsinje unkabangula. Anasankha ya pathanthwe, ngakhale nayonso inkadutsa pafupi ndi mng'alu uja.

Anakwera, mpweya wotentha wa Kambuku ukumuwomba pamsana. Posakhalitsa Kambuku anaterereka n'kugunda chibwano pamwala.

"Bwanji iwe sukuterereka?" anafunsa.

Zoona zake n'zakuti mapazi a mbira ndi ofewa, amamatirira pamwala wonyowa. Koma Mbira anati, "Ife akuno timapaka ndere kumapazi, amalume. Mwala ukamva ndere zake umadziwa kuti ndiwe wapakhomo."

Kambuku anapala ndere zobiriwira zoterera zija n'kupaka. Atangoponda, anagwanso. Anadzuka n'kumukanikiza Mbira pakhosi.

"Ukundiseweretsa."

"Mwapaka akutsogolo okha," anatero Mbira, mawu akutuluka movutikira. "Akumbuyowo mwala uwadziwa bwanji?"

Kambuku anapaka onse. Tsopano ankakwera chokwawa, atakola zikhadabo m'timing'alu.

"Zikhadabozo bwezani m'kati, amalume. Zikukanda mwala, ukwiya."

"Zimenezo ayi," anatero Kambuku. "Yenda."

Mbira anayenda. Nzeru zinali zitamuthera, ndipo mng'alu unali pafupi. Mumtima ankangoti mwanayo agone, agone basi. Koma mwana wanjala sasunga malangizo. Ali pakati pa thanthwe, pomwe panali potsetsereka kwambiri, kamawu kanamveka m'chifunga.

"Amayi."

Kambuku anaimika makutu. "Ndi ameneyo."

Kunjenjemera kwa Mbira kunali kwenikweni, ndipo anaona kuti kukhoza kumuthandiza.

"Wanga sanayambe kulankhula," ananong'ona. "Amenewo ndi eni phiri, mizimu. Kukagwa chifunga imaitana ndi mawu a mwana. Amene saipatsa ulemu amangozungulira muno mpaka mafupa ake kuyera."

Mphepo inalira m'miyala ngati anthu a pamaliro. Ubweya wa Kambuku unaima.

"Amayi," anamvekanso mawu aja, tsopano mbali ina, chifukwa mphepo inkawatembenuza.

"Ulemu wake ndi wotani?" anafunsa Kambuku, mawu atachepa.

"Womwe mumapereka kwa akuluakulu. Kuwomba m'manja." Mbira anakhala tsonga, mapazi akumbuyo atamatirira pamwala, n'kuyamba kuwomba. "Pepani eni phiri, ife ndife odutsa. Amalume, fulumirani. Akuona kuti ndawomba ndekha."

Kambuku anazengereza. Anayang'ana kumunsi, anayang'ana m'chifunga. Mawu ataitana kachitatu, anazula zikhadabo m'mwala n'kukweza manja.

Anawomba kamodzi kokha. Ndere za kumapazi zinagwira ntchito yake, ndipo Kambuku anatsetsereka chagada n'kuzimirira m'chifunga.

Apa Mbira akanangothamangira kwa mwana wake. Koma mantha atachoka, matama analowa. Anatsikira pang'ono, anatembenuka, n'kugwedeza mchira wake cha kumunsi.

"Mukapereke moni kwa azakhali, amalume."

Sankadziwa kuti Kambuku anali atakodwa pa kachitsamba pafupi pomwepo. Mano anatuluka m'chifunga n'kuluma mchirawo. Mbira anakuwa, anakakamira mwala ndi mapazi onse. Kambuku ankakoka, kachitsamba kankazuka, Mbira ankamva mapazi ake akusuntha pang'onopang'ono. Kenako china chake chinaduka. Kambuku anagubuduzika mpaka mumtsinje, mchira uli kukamwa, ndipo madzi anapita naye kutali.

Mbira anakwawa mpaka kumng'alu, magazi akuchucha. Anapeza kamwana kali pakhomo, konyowa, kakunjenjemera. Anakakumbatira nthawi yaitali.

"Amayi, mchira mwausiya kuti?"

"Ndinati usaitane munthu."

"Ndinaitana inu."

Mbira anangokakokera m'kati n'kukayamwitsa.

Mpaka lero mbira alibe mchira. Mukamuona ali pamwala, amakhala pafupi ndi khomo, maso ali uku ndi uku. Ndipo mdani akagwa, mbira satsalira kuti atsanzike. Anatsanzika kamodzi, ndipo zinamukwanira.