Sitampa ya Mutu Wozondoka

Itatha swala ya Aswiri, pemphero la chakumadzulo, kunyumba kwa Shehe Twaha Mkwanda ku Namwera kunafika Che Yunusu Ndembo, eni ake a golosale yaikulu ya pamsika. Mkuluyu ankadziwika ndi masitampa a nthawi ya atsamunda, omwe anayamba kusonkhanitsa kalekale. Ine ndinali pakhonde pomwepo, tikuwotha mbaula ndi Shehe chifukwa kunali chisanu.

Atapatsana salamu, Che Ndembo anatulutsa kabokosi kagalasi m'thumba la mkanjo wawo. M'kabokosimo munali sitampa imodzi.

"Shehe, taonani. Osindikiza ku Mangalande analakwitsa, mutu wa mfumu yawo unatuluka chadodolido. Ndili nawo ena osowa mtundu umodzi, ena a mawu obwerezedwa, koma yotereyi sindinaionepo kwa munthu wina."

Shehe anaiyang'anitsitsa nati, "Mashaallah. Komatu sindikhulupirira kuti mwadzera izi zokha."

Che Ndembo anatsitsa mawu. "Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, wabereka mwana wamkazi, mlomo wake ndi wong'ambika mpaka pamphuno. Ndalamula kuti mbuzi ya akika, mwambo wolandirira khanda, isaphedwe, ndipo asamatuluke naye panja. Kumtundu kwathu kulibe zotere. Ndimati mundivomereze, kuti akazi anga aleke kundilirira."

Shehe anatsegula kabokosiko, natola sitampa ija ndi zala ziwiri, naiyandikiza pamakala oyaka.

Che Ndembo anadzambatuka, kofiya yawo n'kugwera pansi.

"Subhanallah! Shehe, mukutani? Ipsatu imeneyo!"

"Pepani, Che Ndembo. Mwanena nokha kuti ndi yolakwika. Ndimati ndikuthandizeni kuitaya."

"Ayi, ayi, chonde! Kulakwikako ndi kumene kumaipatsa ulemu. Ikapsa sindidzaipezanso ina!"

Ankayankhula thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Shehe anabwezera sitampayo m'kabokosi mosamala, natseka, nawapatsa ndi manja awiri.

"Landirani, sinapse. Makina a anthu analakwitsa, ndipo inu mwasunga cholakwikacho m'galasi, mukuyenda nacho kuonetsa anzanu. Allah salakwitsa. Waumba mwana m'nyumba mwanu, amenenso simudzapeza wina wonga iye, ndipo mukuti abisidwe kuchipinda. Mlomowo madokotala amasoka, kuchipatala ndidzakuperekezani ndine. Inu pitani mukagule mbuzi, ndipo pa tsiku la akika mdzukulu wanuyo mudzamunyamule ndinu, mudzi wonse ukuona."