Nyimbo Imene Inadula Ulaliki wa Bambo Gwedeza

Bambo Gwedeza, mkulu wa mpingo wotchuka pa ulaliki ku Ntcheu konse, anafika kwa abusa opuma a Chikakuda nkhope ili gwaa, jekete atalimanga mabatani onse ngakhale kunkatentha. Kulalika ankatha munthuyu, pamenepo tisamunamizire. Vuto linali loti mwiniwake ankazidziwa kwambiri. Abusawo, amene anamuphunzitsa kuima pa gome ali mnyamata, anawapeza pakhonde akusoka chikuto cha Baibulo lawo lakale.

Atalonjerana, Gwedeza sanachedwe.

"Abusa, ndabwera kuti mukandiikire kumbuyo mawa ku bwalo la akulu a mpingo. Ndikufuna mayi Nangozo avulidwe yunifomu ya amayi a mpingo."

"Alakwanji mayiwo, bambo mkulu?"

"Dzana pa maliro paja ndili mkati molalika, mfundo yeniyeni ndisanaifike n'komwe, iwo anangoyambitsa nyimbo. Amayi onse n'kuilandira, adzukulu n'kunyamula bokosi ulendo wa kumanda. Ine n'kutsala chiimire, Baibulo lili m'manja, ngati munthu wosiyidwa ndi basi! Ine amene ndimaitanidwa mpaka ku Lilongwe!"

"Pepani ndithu, zimenezo zimawawa," anatero abusawo, maso ali pa singano. "Nanga nyimboyo inkati chiyani?"

Nyimboyo Gwedeza sanaimve olo liwu limodzi, chifukwa mkwiyo unali utamutseka makutu.

"Mundilole ndifunsenso," anatero abusa. "Munakhala liti pa benchi n'kumvetsera wina akulalika?"

"Aaa, abusa, nthawi yake iti? Sabata iliyonse pamakhala mpingo wondipempha." Poyankha anachita kutukula chifuwa, poganiza kuti abusawo amuyamikira.

Abusa anabaya singano pa chikuto n'kumuyang'ana.

"Ine pa maliropo ndinalipo, ndinakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa linali paliwombo, ndipo mayi woferedwa uja anali pafupi kukomoka m'manja mwa mayi Nangozo. Tonse tinkaona, kupatula inu. Nyimbo ija inkapempha Ambuye kuti atipatse maso oona amene akulira."

Gwedeza anamva manyazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, komabe kunyada sikunafune kuchoka msanga.

"Ngakhale zili choncho, abusa, mayi wamba angadule mawu mkulu wa mpingo pagulu? Ulemu wanga ukhala pati?"

"Ulemu muli nawo wochuluka, bambo mkulu, mwina mpaka wakuchulukirani," anayankha abusa mofatsa. "Mipingo imakuomberani m'manja, akulu anzanu amakuopani, ndipo pa benchi munasiya kukhalapo. Mlaliki amene watsala wolalikira inuyo ndi mmodzi yekha, ndiye mayi Nangozo. Mawa mukawavula yunifomu, Uthenga muziumva kwa yani?"