Amalume, Tsikani Padengapo

Mumzinda wina munkakhala munthu amene ntchito yake inali yochitira anzake mantha. Musaseke abale anga, ntchito imeneyi ilipo ndithu. Pamalo pamene akumanga nyumba zosanja pamakhala munthu mmodzi amene sagwira njerwa, sakanda simenti, sakhoma msomali. Iye amangoyendayenda, maso ali m'mwamba, wezulo ili m'khosi. Akaona thabwa la pansanja lang'aluka, amaimitsa ntchito. Akaona dzenje losatchinga, amalitchingitsa. Akaona munthu wakwera pamwamba osamanga lamba wachitetezo, amamutsitsa n'kumubweza kunyumba tsiku limenelo. Amamutchula kuti woyang'anira chitetezo. Udindo wake ndi umodzi basi: aliyense amene walowa pageti m'mawa atulukenso pageti pomwepo madzulo, akuyenda ndi miyendo yake.

Munthu wathuyu ntchito yake ankaidziwa, ndipo sankayang'ana nkhope. Ngakhale kapitawo weniweni anamutsitsapo pamakwerero tsiku lina chifukwa anaiwala chisoti.

Nyumba imene ankamanga itafika pokhoma denga, eni ntchito analemba mmisiri wa madenga wotchuka m'dera lonselo. Mmisiriyo atalowa pageti, hamala ili m'manja, imvi zili mbuu, munthu wathu uja anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali amalume ake. Sindikunena amalume ongodziwana nawo m'tauni ayi. Ndikunena mlongo wawo wa mayi ake, mwini mbumba, amene anamulera bambo ake atamwalira, amene anamutumiza kusukulu, amene anakhala nkhoswe ya ukwati wake.

Anawalandira mwaulemu. Anawapatsa chisoti, iwo anavala. Anawapatsa lamba, uja wokhala ndi chingwe chokola kuchitsulo kuti munthu akaterereka alendewere m'malo mofika pansi. Amalume anamutembenuza lambayo uku ndi uku, kenako anamuponya pamulu wa mchenga.

"Chingwe amamangira mbuzi," anatero amalumewo. "Ine ndinayamba kukwera madenga iwe ukuyamwa."

Anakwera. Munthu wathu uja wezulo sanailize.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso m'malo. Dengalo linali patali, moti munthu akakhala pamwamba ankaoneka ngati kamwana. Pansi pake panali milu ya njerwa ndi zitsulo zosongoka zoyang'ana kumwamba. Amalume ankayenda pamitanda ya denga, lata lili m'manja, akuimba kanyimbo kawo. Phazi lawo likangosuntha, wapansiyu mtima uli thi thi thi. Wezulo ankaifikitsa pakamwa n'kuibwezanso. Ankaifikitsanso n'kuibwezanso. Mwina thabwa likagwa kuseri kwa nyumba kuti phuu, iye ankathamanga thukuta lili kamukamu, poganiza kuti zachitika.

Anagwira njakata, abale anga. Mumtima ankati, khoswe wapamkhate sapheka. Ndiwatsitse bwanji pamaso pa anyamata onsewa? Munthu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba ndimuuze kuti tsikani, kazipitani? Nanga mayi kumudzi akamva, ndikawayang'ana ndi nkhope yanji?

Ndiye anachita zimene ife timadziwa bwino: anayamba kuzungulira. Anapempha kapitawo kuti akalankhule nawo. Kapitawo anayankha kuti, "Amalume ndi ako, wezulo ndi yakonso. Ine zisandikhudze." Lamlungu anagula shuga n'kupita kunyumba kwa amalume, nakakhala kukhitchini ndi akazi awo kuti mwina iwo awanyengerere. Mayiwo anapukusa mutu nati, "Mwananga, ine ndinalankhula mpaka malovu anauma." Pamsonkhano wa m'mawa ntchito isanayambe, ankalankhula mophiphiritsa kuti, "Aliyense wokwera pamwamba azimanga lamba," maso ake ali pansi. Amalume ankagwedeza mutu kuvomereza, ngati kuti mawuwo akunena munthu wina. Ndi mmenenso ena mukugwedezera mitu panopa, mukuti lero mbusa wamunena mnansi wanga uja. Ndakuonani!

Tsono matenda osachiza amafala. Akalipentala achinyamata ataona kuti mkulu akuyenda padenga manja ali lende, nawonso anayamba kumasula malamba awo. Wina akakola chingwe chake kuchitsulo, anzake ankamulirira ngati mbuzi, "Meee!" Iye chifukwa cha manyazi ankamasula. Munthu wathu uja ankaziona zonsezi, koma sankawatsitsa. Akanatsitsa bwanji ana a eni ake, amalume ake ali pompo osamanga? Poyamba ankaopera moyo umodzi. Tsopano akakweza maso ankaona denga lodzaza anthu, aliyense ali ndi mayi ake kumudzi, ndipo onse anali m'manja mwake.

Linafika tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Cha kumasana kunadzuka kamvuluvulu kuseri kwa mpanda. Ananyamula fumbi, ananyamula mapepala a simenti, n'kumabwera akuzungulira kulunjika kunyumba ija. Nthawi imeneyo amalume anali ataima kumphepete kwenikweni kwa denga, ataimika lata lalitali pachifuwa kuti alipereke kwa mnzawo. Inu amene munagwirapo lata kukuomba mphepo mukudziwa. Lata silimvera mphamvu za munthu, limamutenga.

Munthu uja anayang'ana fumbi, anayang'ana amalume, anayang'ana zitsulo zija pansi. Kalanga ine! Anaika wezulo pakamwa n'kuiliza ndi mpweya wake wonse. Mahamala analeka. Mawilibala anaima. Pamalo ponse panangoti zii.

"Amalume, gonekani latalo, tsikani!"

Amalume anagoneka lata lija pang'onopang'ono, n'kusuzumira pansi. "Wati chiyani iwe?"

"Tsikani, amalume. Lero mwaweruka. Mukafuna kubwera mawa, mudzamange lamba."

Misozi inali lengelenge, koma mawu akewo sanawabweze. Amalume anatsika makwerero osafulumira, anthu onse akuyang'ana. Atafika pansi anavula chisoti n'kuchiika pamapazi pake.

"Wandivula pagulu, mwana wa mlongo wanga," anatero. Anatuluka pageti, ndipo pamalopo sanabwererenso.

Ndikudziwa chimene mukudikira. Mukufuna ndinene kuti mphepo inafika n'kusasula malata pomwe anaima amalume paja, anthu onse n'kuomba m'manja. Ayi ndithu, sizinatero. Kamvuluvulu uja anakhota yekha, anadutsa m'mbali mwa mpanda, n'kukathera kumsewu. Palibe lata limene linauluka. Palibe msomali umene unagwa. Anyamata aja anakola zingwe zawo mwakachetechete, koma ena ankanong'onezana kuti, "Wayalutsa munthu wamkulu pachabe."

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kumudzi. Mayi ake analira pafoni. Achibale anati sukulu yamuzunguza mutu, tauni yamuiwalitsa mwambo. Iye analibe choti awaonetse. Ntchito yake njotero: akaigwira bwino sipachitika kanthu, ndipo chinthu chosachitika sungachinyamule kupita nacho kwa abale kuti onani. Nkhawa ija inangosintha malo. Kale ankaopa kuti amalume agwa. Tsopano ankadzifunsa kuti, kodi ndinalakwa? Kodi ndataya amalume anga chifukwa cha fumbi?

Patapita miyezi kunali chinkhoswe kumudzi. Iye anapita mtima uli m'mwamba. Anawaona amalume atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Anayandikira, anagwada, anatambasula dzanja. Amalume anayang'ana kumbali, anadzuka, n'kuchokapo. Munthu wathu uja, wamkulu ndi ndevu zake, anatsala chogwada, dzanja lili m'malere, anthu akuona.

Pamenepo akazi a amalume aja anabwera cham'mbuyo n'kumugwira paphewa.

"Dzuka mwananga, asiye akwiye," anatero monong'ona. "Wokwiya ndi wamoyo. Ine madzi osamba ndikuwaphitsirabe m'mawa uliwonse. Ndipo lamba anagula wawo, amamubisa pansi m'chikwama cha zida kuti ndisamuone."

Munthu uja anadzuka. Anayang'ana msana wa amalume ake akupita uko, msana wathunthu, wosathyoka, ndipo analira.

Abale ndi alongo anga, tanthauzo lake nali. Mulungu anakoleka wezulo m'khosi mwa aliyense wa ife. Pali munthu amene anakupatsani kuti mumuyang'anire, ndipo mukumuona ali kumphepete kwa denga. Kaya ndi mowa, kaya ndi chibwenzi chamseri, kaya ndi dzanja lalitali kuntchito, kaya ndi mtima umene wasiya kupemphera. Mukuona, ndipo mtima wanu suli m'malo. Koma chifukwa ndi wamkulu, chifukwa anakuthandizani, chifukwa mukuopa nkhope yake, mukungozungulira. Mukutuma anthu, mukuphiphiritsa, mukugula shuga. Kumeneko mwakutcha ulemu. Ife anthu a kuno maliro timawatha bwino. Timabwera ndi nkhuni, timabwera ndi ufa, timagona pasiwa, n'kumauzana kuti, "Ife tinkaona ndithu kuti zidzathera pamenepa." Munkaona? Nanga wezulo inali kuti? Pepani sapoletsa chilonda, ndipo sadzutsa wakufa.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mulungu mwini amatitsina khutu tsiku ndi tsiku, ife n'kumamutembenuzira msana, Iye osaleka kuitana, chifukwa akufuna tikafike kwathu amoyo. Inunso lankhulani. Lankhulani mwaulemu, gwadani ngati n'kofunika kugwada, koma mawuwo atuluke omveka ndipo atchule mwini wake. Mwina mphepo idzakhota, palibe adzakuthokozeni. Mwina moni wanu adzakanidwa pagulu. Zowawa ndithu, sindikukunamizani. Koma nkwabwino kuti akukanizeni dzanja ali moyo, kusiyana n'kuti mudzamunyamule pamapewa atatseka pakamwa. Amene mukumuganizira panopayo akadali padenga, ndipo fumbi layamba kale kudzuka kuseri kwa mpanda.