Sola Pansi pa Mango

A Chimkwita, oika masola, anaimika sola ya mayi Nankhoma pansi pa mtengo wa mango. Magetsi ankangophethira. Mayiwo akadandaula, yankho linali limodzi: "Dzuwa limafika bwinobwino pamenepo."

Tsiku lina a Chimkwita analamula, "Mawa ndibwera ndi ofuna kugula masola. Muiyamikire solayi, apo ayi batire ndichotsa."

Anafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Nankhoma anawaikira mpando pakati pa bwalo.

"Mayi, mukufuna ndipse?" anadandaula a Chimkwita. Ananyamula okha mpandowo n'kukakhala pansi pa mango. "Eya! Apa ndiye dzuwa silifika."

Ogula aja anayang'ana m'mwamba. Sola inali pamwamba penipeni pa mutu wa bwanayo.

"Pitirizani, bambo," anatero mayi Nankhoma. "Mukuifotokoza bwino kuposa ine."