Chitseko cha a Lufeyo ndi mametikali a pamaliro

Kalekale, ine ndisanabadwe, agogo anu asanamere n'ndevu zomwe, m'mudzi mwathu kuseri kwa Lizulu munali munthu wina dzina lake a Lufeyo Nyoni. Amenewo ndiwo anabereka agogo anu. Sendera kuno Takondwa, mlongo wakoyo umukhazike pamiyendo.

Msewu wa pa Lizulu mumaudziwa: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. A Lufeyo anaona ndalama zikubwera, anaona ndalama zikupita. Kuno anagwirapo mapeni obowoka pakati, masheleni ndi mapaundi, kenako kwacha. Kutsidya anagwirapo esikudo ya Apwitikizi, kenako metikali. N'chifukwa chake ndalama sankaiopa, ndipo sankaigwadira.

M'mudzimo anali mkamwini, ndiye pa maliro ntchito yawo inali kugwira mbale ya chipepeso. Munthu akaponyamo kangachepe, iwo ankalengeza dzina lake ndi zimene wapereka. Koma mbaleyo inali ndi lamulo lake. Chimene wogwira mbale watchula ndi pakamwa pake, ayenera kuchipereka kwa ofedwa chathunthu. Mwamva? Chathunthu.

Chaka china, nkhondo ili mkati ku Mozambique, apongozi awo aakazi a Lufeyo anamwalira. Mayiwo anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, a Bizaliyele, anali ndi golosale pamsika. Wamng'ono, a Damiyano, anakwatira kutsidya ku Angonia, ndipo nkhondo inawatsekera komweko zaka zambiri. Abale ankang'ung'udza kuti mwana ameneyu anataya amake.

Tsiku loika maliro m'mawa, a Damiyano anatulukira. Anadzera m'thengo, mapazi atang'ambika, malaya ali nsanza. Analira, analira, kenako anamasula kansalu n'kuika m'mbale mametikali zana limodzi. Zinali zonse zimene anapeza atagulitsa nyemba zawo.

Tsono, ana anga, nthawi imeneyo metikali inali itagwa. Aphunzitsi athu a sukulu ya madzulo amati dziko likasiya kulima ndi kugulitsa, ndalama yake imapepuka ngati gaga. Zana lonselo pamsika silikanagula n'sopo yemwe.

A Bizaliyele anakokera a Lufeyo kuseri kwa nkhokwe. Anawauza kuti matabwa a bokosi sanagulidwe, kalipentala salandira mapepala a kutsidya, ndipo anthu ayenera kumva mtengo weniweni wa zimene mng'ono wawo wabweretsa.

"Alamu, mukanene kuti a Damiyano apepesa ndi matambala. Si matambala kodi?"

"Pamsika ndi matambala," anayankha a Lufeyo. "Kodi pano mwaona msika?"

Kodi a Bizaliyele ankanama? Ayi, sankanama. Koma tangoganiza, Takondwa: munthu wazemba zipolopolo kudzaika amake, ndiye pamaso pa mudzi wonse amve kuti wabweretsa matambala? Akanabweranso kuno ameneyo? Ana ake tikanawadziwa ife?

A Lufeyo anaimirira pabwalo, mbale ili m'manja. Anatchula uyu, anatchula uyo. Atafika pa dzina lija anakweza mawu.

"A Damiyano, mwana wa malemu, apepesa ndi mametikali zana limodzi. Ndipo pa maliro ano metikali imodzi ndi kwacha imodzi. Ndatero ndine, wogwira mbale."

Azimayi anaomba m'manja mwakachetechete, monga zimakhalira pa maliro. A Damiyano anaweramitsa mutu. A Bizaliyele anangoti, poti zafika zana, bokosi ligulidwe ndi zana lomwelo, iwo m'thumba mwawo sapisamonso.

Nanga a Lufeyo makwacha zana akanawatenga kuti? Mbatata anali asanakumbe. Mbuzi analibe. Anangopita kunyumba kwawo, natenga hamala, n'kuzula chitseko. Chitseko cha mlombwa, chokhacho m'mudzi monse chimene chinali ndi loko. Anazulanso matabwa a bedi, nasenza zonse kupita kwa kalipentala.

Akazi awo, aNachisale, anawapeza panjira. Misozi ya amawo ili m'maso, koma anawafunsabe ngati afisi nawonso auzidwa kuti metikali ndi kwacha n'zofanana. A Lufeyo anati fisi akalowa adzayamba ndi iwo, poti ndiwo agone pakhomo.

Mayiwo anaikidwa m'bokosi la mlombwa, ndipo anthu ankati bokosi limenelo wagula ndi Damiyano.

Inali Juni, ana anga, ndipo Juni wa ku Lizulu mumamudziwa. Pakhomo anapachikapo mphasa. Mphepo inkalowa, nkhuku zinkalowa, agogo anu ankagona atavala thumba la feteleza. Anyamata ankawaseka a Lufeyo kuti ndi banki yopanda chitseko. Iwo anapitiriza kugwira mbale. Maliro ena atachitika, anthu a kutsidya atabwera ndi mametikali, a Lufeyo analengeza chimodzimodzi. Ena atachitikanso, chimodzimodzi. Liuma lake limenelo! Mapeto ake abale anagwirizana kuti zoperewera azisonkha onse, wogwira mbale asamazulenso chitseko. A Bizaliyele nawo, patapita nthawi, anayamba kusonkha.

Nkhondo inatha. Minda ya ku Angonia inabiriwiranso. Boma la kumeneko linatulutsa metikali yatsopano, pamene kwacha yathu inayamba kupepuka chaka ndi chaka. Lero metikali imodzi imagula makwacha ambirimbiri.

Chaka chatha, mukumbuka ndinapita ku maliro kutsidya? Anamwalira mwana wa a Damiyano. Ndinali ndi makwacha ochepa, osakwana n'mtengo wa nkhuku, ndipo ndinawaika m'mbale mwamanyazi. Wogwira mbale anali bambo amene sanawaonepo a Lufeyo. Anatchula dzina langa, anatchula makwacha anga onse, n'kunena kuti pa maliro amenewo kwacha imodzi ndi metikali imodzi. Ndinakhala pansi ngati munthu pakati pa abale ake.

Ndiye inu mudzakula, mudzaphunzira kuposa ine, mudzadziwa mitengo ya ndalama za mayiko onse. Pamsika muzidzawerenga bwinobwino, asakupusitseni. Koma mbale wanu akadzabwera ndi misozi, ndalama yake musadzaipititse kumsika. Ife a kwa Lufeyo sititero.