Masamba Amene Anaimitsa Malole

Kalekale, ana inu, nkhuku zisanaphunzire kuyang'ana uku ndi uku, panali mudzi wina. Pakati pa mudziwo panadutsa njira yotakata, mchenga wake wofewa ngati ufa. Ana onse ankasewera pamenepo. Phada pamenepo. Fulaye pamenepo. Chipako pamenepo. Phokoso lawo linkamveka mpaka ku Joni!

M'mudzimo munali atsikana awiri, Lekeleni ndi Tionenji. Kwawo kwa Lekeleni kunali mbali ino ya njira, kwa Tionenji mbali inayo. Awiriwa, ayi ndithu! Nzimbe imodzi, pakati thyo! Chiwala chimodzi, mwendo uwu wako, uwu wanga. Wina akapunthwa, wolira ankakhala mnzakeyo.

Ndiye kunabwera malole otuta mchenga kumtsinje. Njira ija inasanduka msewu. Vuuu! Lole. Vuuu! Lole ina. Fumbi koboo! Nkhuku ikati iwoloke, kutsidyako kunkafika nthenga zokha. Tsiku lina lole inagunda mbuzi ya atate ake a Tionenji. Tsiku linanso inangotsala pang'ono kutenga kamlongo ka Tionenji kakang'ono.

Makolo anati, "Basi! Mwana wopezeka pamsewu, ndodo!"

Phada anatha. Fulaye anatha. Lekeleni ankaima mbali ino, Tionenji mbali inayo.

"Tioneee!"

"Eee!"

"Ndakusungira mango!"

Vuuu! Vuuu!

Fumbi likamatha, mnzake uja waitanidwa kale kukatunga madzi. Mango aja ankangofewera m'manja.

Tsiku lina Tionenji anakuwa mawu, ndipo mwatsoka amenewa anawoloka onse. "Tikusamuka! Atate akuti msewuwu utimaliza. Tikangokolola tikupita kwawo, kuseri kwa mapiri!"

Lekeleni sanadye. Sanalirenso. Ankangoyang'ana khonde la mnzake. Mtima wake unkafuna chinthu chimodzi: asewere naye phada, ngakhale kamodzi kokha, asanapite.

Anasonkhanitsa ana a mbali yake. "Anzanga, msewuwu tiuchite bwanji?"

"Tikumbe una ngati mbewa, tizidutsa pansi!" anatero Kadango, mnyamata wamakutu ngati malichero. Anakumba, anakumba, n'kupeza linthumbu. Anavina gule wosamuphunzira!

"Tiwatumizire njuchi madalaivalawo!" anatero wina.

"Chitsiru iwe! Njuchi uziuza bwanji kuti dalaivala ndi uyu?"

Apo Lekeleni anakumbukira maliro a azakhali ake. Anthu anayala masamba aawisi pamsewu, monga timachitira kukagwa zovuta. Tsiku limenelo malole onse ankayenda ngati bilimankhwe.

M'mawa mwake ana anathyola nthambi. Kumtunda kwa mudzi, masamba. Kumunsi kwa mudzi, masamba. Lole inabwera: vuuu... vu... vu... vu. Dalaivala anavula chipewa, nkhope khuma, ngati wafa ndi malume ake. Wanjinga anatsika n'kumakankha.

Lekeleni anawoloka! Anakumbatirana ndi Tionenji mpaka kugwera limodzi pansi. Anajambula phada pambali pa msewu. Dumphu, dumphu! Ana a uku ndi uko anasakanikirana, phokoso lija linabwerera.

Koma masamba ali ndi pakamwa, ana inu. Mayi wina, Anangozo, ankachokera kuchigayo, mtanga pamutu. Atangoona masamba, mtanga phi!

"Mayo ineee! Watisiyaaa! Anali munthu wabwinooo!"

"Ndani, Anangozo?"

"Kaya, koma anali wabwinooo!"

Mudzi wonse pwirikiti! Akumunda anathamangira kumudzi. Adzukulu okumba manda anayamba kunola makasu. Wamwalira ndani? Wamwalira ndani? Anapeza a Chimtali, nkhalamba ya m'mudzimo, atagona pamkeka pansi pa kachere, kukamwa yasaa.

"Ndi awa!"

Anawazungulira, nyimbo n'kuyamba. A Chimtali dzambatu! "Mukundiimbiranji? Ine ndangokhuta mbatata!"

Anthu balala! Anangozo anathamanga mpaka kupitirira lole.

Zitadziwika kuti anayala masambawo ndi ana, atate ake a Lekeleni anabwera ndodo ili m'manja. "Iwe! Malodza anji amenewa? Ukuitanira imfa m'mudzi muno?"

Lekeleni sanalisiye dzanja la Tionenji. "Ababa, ndimangofuna kusewera ndi mnzanga asanapite. Malolewa amalemekeza akufa okha. Kodi tidikire mmodzi wa ife afe, ndiye aziyenda pang'onopang'ono?"

Ndodo ija inatsika yokha.

"Masamba ndi a maliro, kachotseni," anatero atate ake motsitsa mawu. "Koma pamsewupo tiikepo chiyani?"

"Mitumbira!" anakuwa Kadango, akudzikandabe. "Ngati ya mbatata! Lole sidziwa kudumpha!"

Anthu anaseka. Koma makasu anali atanoledwa kale, ndiye akanabwerera nawo bwanji osagwira ntchito? Anaunda mtumbira wopingasa msewu, anaunda wina, anaundanso wina, mpaka kumapeto kwa mudzi. Lole yoyamba: gubudu! Dalaivala mutu kudenga, gu! Yachiwiri inabwera itaphunzira kale ulemu.

Lekeleni anakagwada pamaso pa atate ake a Tionenji. "Tsopano simusamukanso, eti?"

Bambo aja anayang'ana pansi. "Mwanawe, munda ndabweza kale kwa eni ake. Kumeneko nyumba yafika padenga. Mitumbirayi ikanaundidwa chaka chatha..."

Anasewera phada masiku onse otsalawo, m'mawa ndi madzulo. Koma chimanga sichidikira munthu. Chinauma, chinakololedwa, tsiku linakwana.

Katundu anakwezedwa pa lole, Tionenji pamwamba pa matumba. Lole inanyamuka. Koma mitumbira ija! Gubudu, pang'onopang'ono. Lekeleni ankayenda pambali pake, dzanja m'mwamba. Tionenji anawerama, zala zawo n'kukolana.

"Kumeneko ukapeza mnzako wina."

"Wodziwa kubera phada ngati iwe? Kulibe!"

Anaseka, misozi ili chuchuchu. Gubudu, mtumbira wina. Gubudu, winanso. Lekeleni mumtima ankati, tikanaunda mpaka kuseri kwa mapiriko. Gubudu, womaliza. Zala zinapulumuka.

Vuuu.

Lekeleni anaima pakati pa msewu mpaka fumbi linagona. Palibe amene anamuuza kuti achokepo.

Nthano yanga yatsikira pamenepa, phulani chinangwacho chisanasanduke makala. Mwana akati apa pakuopsa, nyamulani khasu lero lomwe, chifukwa mawa mnzake adzakhala atapita.