Maluwa a Malemu Otsekeredwa m'Kompyuta

Kuseri kwa shopu ya atelala, pakati pa milu ya zidutswa za nsalu ndi ayironi yothyoka chogwirira, panali kakompyuta kokalamba, kotuwa ndi fumbi la ulusi. Ntchito yake inali imodzi basi, kuuza makina opetera polasa singano. Kakayatsidwa m'mawa kankayamba kabuula kaye ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, koma kakadzuka kankalimba mpaka poweruka. M'menemo ndi mmene munali maluwa onse amene akazi a atelalawo anajambula asanatsikire kulichete.

Mwana wawo wotsiriza anali pafupi kukwatiwa, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti m'mphepete mwa diresi lake mupetedwe maluwa aja ankawakonda amayi ake, a masamba opindikira m'kati. Atelala anavomera misozi ikulengeza. Nsalu inadulidwa, inasokedwa, kunangotsala kupeta.

Ndiye kunatulukira alamu awo, munthu wa pakamwa posapuma, woti sangaone cha mnzake osachipezera chilema. Anaima pakhomo manja ali m'thumba, n'kumaseka kuti kakompyutako kanaona nkhondo. Ati anzawo onse mumsewumo anaikitsa kale sisitimu yatsopano, pulogalamu yaikulu ija imayendetsa kompyuta yonse, ndipo makasitomala akaona zakutha zotere amayesa kuti masitayilo nawonso ngamakedzana. Atelala anaseka nawo, koma mawuwo anawalasa. Anali atatopa bambowa. Kutopa ndi kudikira m'mawa uliwonse, kutopa ndi kusekedwa, kutopa ndi kukhala munthu wa zinthu zachikale. Nawonso anafuna chatsopano, kamodzi kokha.

Anakanyamula ulendo kwa wokonza makompyuta wa kuseri kwa msika. Iye atakatsegula anapukusa mutu. Anati memori yake njochepa, sisitimu yatsopanoyo njolemera, ndipo pulogalamu yopetera ija njakale zedi moti ziwirizi zikhoza kukanana. Anawalangiza kuti ayambe amaliza diresi la mwanayo.

"Bambo, bulu wanuyu wakalamba. Musamusenzetse katundu wa lole."

"Inu ikani. Zinazo ndikaonera konko."

Atabwera nako kushopu, kanayaka ndi mitundu yowala, zithunzi zikuyandama pasikirini. Alamu aja anadzayamikira, n'kumapita kwawo. Koma kungodina paliponse, kanthu kena kozungulira kankayamba kuzungulira. Atelala ankapita kukamwa madzi, kusita buluku la kasitomala, pobwera n'kupeza kakuzungulirabe. Atadina pa pulogalamu yopetera, inakaniratu kutseguka. Anazimitsa, anayatsanso, anadinanso mpaka chala kuwawa. Makina opetera anangoti duu, singano ili m'mwamba.

Anabwereranso kumsika kuja. Wokonza uja sanawanyoze ayi. Anangoti kubwezera sisitimu yakale n'kotheka, koma pulogalamu yopeterayo iyenera kuikidwanso kuchokera pachimbale chake. Chimbalecho chili kuti? Atelala anakhuthula madilowa onse, zitini za mabatani, ngakhale sutikesi ya malemu imene anali asanaitsegulepo chiikire maliro. Mayiwo ndiwo ankadziwa poika zinthu m'nyumbamo. Kampani yopanga pulogalamuyo nayo akuti inatseka kalekale. Maluwa analimo ndithu, mayina awo akuoneka pasikirini monga anawalembera malemu, koma wowatsegula panalibe.

Anayesa kupeta pamanja, kuchokera m'mutu. Maso anali atafooka, zala zitauma, ndipo duwa linatuluka lopotoka ngati lofota ndi dzuwa. Anamasula ulusi n'kuyambiranso, koma zinangoipiratu. Ataona kuti nsalu yayamba kusosoka, anaika singano pansi.

Mwana uja anabwera kudzayeza diresi. Anaima pagalasi, akusisita m'mphepete mopanda kanthu muja.

"Ababa, nanga maluwa a amayi aja?"

Atelala anangoloza kakompyuta, mitundu yake ikuwala, kanthu kaja kakuzungulirabe. Anafotokoza movutikira, ndipo za alamu sanazitchule n'komwe, poti wonyamula kakompyutako kupita kumsika anali iwo eni.

"Basi, palibe kanthu. Ndivala choncho."

Anavula diresilo, analipinda bwinobwino osawayang'ana kumaso, n'kutuluka. Bola akanalira mwanayo, bola akanakalipa. Kufatsa kwakeko n'kumene kunawatha mphamvu atelala. Anakhala pampando kwa kanthawi, kenako anatenga kansalu kamene malemu ankavundikirira kompyutayo poweruka, n'kuivundikira dzuwa likadali pamutu.

Chatsopano anachifuna okha, anachipeza, ndipo chinabwera ndi zake zomwe. Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.